A Ebelesi Obereka Patebulo la Boma

Mukafika kwa Mlolo n'kufunsa kuti mayi amene anabereka ana ambiri m'Chadiza monse anali ndani, anthu ayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako akuuzani motsitsa mawu kuti anali a Ebelesi. Ena amati ana awo anali makumi asanu, ena amati anapitirira zana. Chonsecho mayiwo sanakhalepo ndi pakati ngakhale kamodzi, moti amuna awiri anawasiya chifukwa cha nkhani yomweyo. Iwo ankaberekera patebulo la boma, masanasana, ataimirira, fodya ali pamphuno.

Paja kwa Mlolo malire ndi nkhani ya pamapu. Munthu nyumba ili kuno, dimba lili kutsidya. Mbuzi imadya udzu ku Zambia n'kukabzikula ku Mozambique. Koma ufulu utabwera, boma linati aliyense akhale ndi reji, kakhadi kobiriwira kosonyeza kuti ndi mzika, ndipo wofuna rejiyo azibwera ndi kholo loti lilumbire kuti anabadwira kuno. Nanga amene anathawa nkhondo ya Apwitikizi, makolo ake atatsala m'phulusa kutsidyako, kholo akalitenga kuti? Ankapita kwa a Ebelesi.

Mmodzi mwa iwo anali Enock, amene pambuyo pake anadzakhala wachiwiri kwa ahedi pasukulu ina ku Boma. Nkhani za a Ebelesi iye amazidziwa kuposa aliyense, koma akayamba kuzikamba, kuseka kwake kumathera pakhosi.

Enock anawoloka malire ali mnyamata, mudzi wakwawo utatenthedwa. Anthu achifundo anamusunga, analowa sukulu, mutu unali wakuthwa. Itakwana nthawi ya reji, wina anamulozera kanyumba kopendekeka kamene kanali pafupi ndi chigayo. Anawapeza a Ebelesi akusenda mtedza.

"Dzina?"

"Enock."

"Mayi ako ali kuti?"

"Anafa, kutsidya."

"Pepa mwanawe. Koma kuyambira lero usadzanenenso zimenezo pamaso panga, ukunditemberera. Mayi ako ndine. Tatembenuka ndikuone." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzidendene ngati akugula mbuzi. "Eya. Iwe unabadwa chaka cha chikuku, kuseri kwa nkhokwe, ndipo unatsogoza miyendo. Unatsala pang'ono kundipha. Bwereza!"

Enock anabwereza mpaka nayenso anayamba kuikumbukira nkhokweyo.

Tsiku la reji, kalaliki wa boma anangofunsa funso limodzi, lakuti mwanayu ndi wawodi. Abale inu, anaputa mavu! A Ebelesi anagwira m'chiuno, anayamba kufotokoza mmene mimba inawawira kuyambira Lachiwiri, mmene azamba anathawira, mmene mwendo woyamba unatulukira uku ukupalasa. Misozi inali chuchuchu. Atafika pa mwendo wachiwiri anatembenuka n'kumuwomba Enock khofi la pakhosi.

"Msana uwu, bwana, mpaka lero sindiwerama bwino chifukwa cha chitsiru chimenechi!"

Kalaliki anadinda msangamsanga kuopa kuti mutu nawo ufotokozedwa.

Ndalama sankalandira. Bwenzi zili bwino akanamalandira, munthu ukanalipira n'kuthana nawo. Iwo ankafuna chinthu chodula. Ukangochoka patebulo paja ndi reji m'manja, basi ndiwe mwana wawo mpaka kumanda. Ukadwala akupeza ndi phala ndi mizu yowawa. Ukamenya mkazi akupeza ndi mthiko. Ukawadutsa pamsika osawapatsa moni, msika wonse umva mmene unkanyowetsera mphasa uli wamng'ono, ndipo sungakane, chifukwa ukakana ndiye kuti ukukana reji yako yomwe.

Chaka china a Ebelesi anabwera patebulo ndi a Yosefe, mdala wa imvi mutu wonse, m'kamwa mutatsala mano owerengeka. Kalaliki wa ulendo umenewo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mayi, bambo awa akuoneka aakulu kuposa inu."

"Ndi mavuto, bwana. Mwanayu wakulira m'mapulazi a fodya kum'mwera. Komanso samva, kachasu ndinamuletsa kalekale." Kenako anatembenukira mdala uja. "Imirira bwino iwe, abwana akukuyang'ana! Manja kumbuyo!"

"Pepani amama," anatero a Yosefe, mawu akunjenjemera ndi ukalamba.

Ulendo wina anabweretsa anyamata awiri, wina wamtali wakuda bii, wina wamfupi woyera, n'kunena kuti ndi mapasa. Kalaliki anati zaka zawo zikusiyana ndi ziwiri.

"Wachiwiriyu anachedwa kutuluka, bwana. Ndi waulesi mpaka lero, tamuonani mmene waimira."

Mwayi wawo unali wakuti akalaliki ankasinthasintha, lero wochokera ku Mongu, mawa wa ku Kasama, ndiye panalibe wowonkhetsa. Anthu a kwa Mlolo ankadziwa zonse, koma anene ndani? Mwini chigayo anali mwana wawo. Tcheyamani wa chipani anali mwana wawo. Ngakhale mfumu yatsopano ya pamudzipo, mukafufuza bwino, inabadwira pachulu, mvula ikugwa, a Ebelesi akuchokera kotola bowa.

Enock atamaliza kosi ya uphunzitsi n'kupatsidwa nyumba ya malata ku Boma, ankaganiza kuti wapulumuka. Anadzinamiza. Tsiku lina ali pakati pophunzitsa masamu, anangoona mthunzi pakhomo la kalasi. A Ebelesi anali atakwera ngolo kuchokera kwa Mlolo, m'manja muli mpani wa mbewa zowamba.

"Miyendo! Waondatu iwe. Sakukudyetsa kuno?"

Asanayankhe, analavulira malovu pansonga ya chitenje n'kuyamba kumupukuta choko patsaya, ana onse akuona. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso mwana wa sukulu amene ankadziwa dzina lenileni la aphunzitsiwo. Onse ankangoti a Miyendo.

Pokwatira, ndi a Ebelesi amene anayendetsa zonse. Juliana, mkazi wa Enock, anali mwana wa m'tauni, wa m'banja lopemphera, ndipo ankakhulupirira kuti amenewa ndi apongozi ake enieni. Ankawagwadira, kuwafunditsira madzi, kuwasungira shuga ngakhale m'masiku amene shuga ankasowa ngati mankhwala. Enock sanamuuze zoona. Poyamba ankati amuuza ukwati ukakhazikika, kenako ankati mwana akabadwa, kenako anangosiya kuganizako.

Zinthu zinayamba kupotoka Enock atalowa mpingo wa Pentekosite. Anapita yekha kwa Mlolo kukawauza kuti wabadwanso mwatsopano.

"Wabadwanso? Wakubereka ndani osandiuza ine?"

"Ndi zauzimu, amama."

"Kaya. Bola amene wakuberekayo akhale ndi msana wolimba."

Enock sanaseke. Anali atamva ulaliki wa bodza Lamlungu lapitalo ndipo unamukhala pamtima. Anayang'ana pansi n'kunena kuti zimene ankachita patebulo la boma zija zinali tchimo.

A Ebelesi anafwenkha fodya, anayetsemula, anapukuta mphuno. "Bodza lake liti? Tandiuza chimene mayi amachitira mwana chimene ine sindinakuchitire. Kubuula? Ndinabuula, patebulo paja, unamva wekha."

Kuyambira pamenepo Enock anayamba kuwazemba, makamaka atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Mkulu wa mpingo angakhale bwanji ndi mayi wa fodya wa pamphuno, woimbira gule pamaliro? Akawaona akubwera chapatali ndi kamtolo kawo pamutu, ankalowa mu ofesi ya ahedi n'kutuma uthenga kuti ali pamsonkhano. Iwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka msonkhano wabodzawo uthe, n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo ndi munthu wofunika kwambiri, boma silingayende popanda iye.

Kenako nkhondo ya kutsidya inayambiranso, yachiwiri ija, ndipo inayamba kutayikira kuno. Anthu a mfuti ankawoloka, kulanda ng'ombe, kutentha nkhokwe. Boma linalamula kuti midzi ya m'malire ifufuzidwe, ndipo aliyense wopanda reji apite kumsasa wa othawa nkhondo, kutali kumadzulo. Kwa Mlolo anthu onse anawasonkhanitsa pabwalo la sukulu. Bwana amene anabwera anali wochokera kutali, Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo, ndiye anapempha mphunzitsi woti azimasulira. Ku Boma anatumiza Enock.

Mzere unkayenda bwino. Aliyense ankatulutsa reji yake, bwana n'kuyang'ana nkhope, n'kugwedeza mutu. Enock ankawadziwa onse. Wa pachulu uja anadutsa. Mapasa aja anadutsa. A Yosefe anadutsa atatsamira ndodo. Kenako panafika a Ebelesi, akumwetulira ngati afika pakhomo pawo, poti tebulo la boma linali ngati mphasa yawo.

Bwana anatambasula dzanja.

"Akuti reji yanu, amama," anatero Enock chapansipansi.

"Reji? Ine?" Anaseka. "Uwauze kuti ine ndine wopereka, sindine wolandira."

Zaka zonsezo palibe anaganizapo zowafunsa ngati iwo ali ndi reji. Mboni sankaifunsa khadi m'masiku oyamba aja, ndipo pambuyo pake aliyense ankangoti munthu wodziwika chonchi angalephere bwanji kukhala nayo. Iwonso, potanganidwa ndi kubereka ena, anaiwala kuti nawonso amafunika wowabereka.

Bwana anafunsa kumene anabadwira.

"M'dimba, bwana. Mayi anga ankathirira mpiru. Mutu unatulukira kuno, koma miyendo sindingalumbire, mwina inali kutsidya."

Anthu angapo anaseka, koma kuseka kwake kunali kowonda. Bwana sanali munthu woipa. Anapukuta thukuta n'kunena kuti nkhaniyi ndi yosavuta. Ngati gogoyu ali ndi mwana kapena mbale wake weniweni pabwalopa, abwere kutsogolo ndi reji yake, afunsidwe bwinobwino za kumene anabadwira ndi za makolo ake, alumbire, basi gogoyu atsala.

Enock anamasulira mawu amenewo mokweza, bwalo lonse linamva. Ndipo aliyense anamva zimene zinali kuseri kwake. Kufunsidwa bwinobwino! Akayamba kukoka ulusi umodzi, chitenje chonse chitha. Mwini chigayo anayamba kuyang'ana zala zake za kumapazi. Tcheyamani wa chipani anagwidwa ndi chifuwa. Mfumu inapeza kanthu kochititsa chidwi kumwamba kwa mtengo.

Enock anali pafupi kwambiri moti ankamva fungo la fodya wawo. Reji yake inali m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Anaganiza za nyumba ya malata, za udindo wa ahedi umene unali pafupi, za mpingo, za Juliana ndi ana akumva kuti bambo awo ndi mlendo wonama. Anati mumtima, wina ayambe, ine nditsatira. Pabwalo ponsepo aliyense ankanena zomwezo mumtima mwake.

A Ebelesi anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana anthu aja, mmodzimmodzi, monga mayi amawerengera ana pogona. Anamaliza ndi Enock. Sanamuyang'ane mokwiya, ndipo chimenecho ndicho chimamupweteka mpaka lero. Anangoona kuti mwana akuopa.

"Uwauze abwana asavutitse anthu," anatero. "Ine ndilibe mwana. Sindinaberekepo. Ndine chumba, aliyense pano akudziwa."

Mawu amenewo, amene anathetsa maukwati awo awiri, amene munthu akawanena pafupi nawo ankalandira mthiko pamutu, anawanena okha pamaso pa mudzi wonse. Bwana anayang'ana kwa womasulira kudikira. Enock anatsegula pakamwa, ndipo anamasulira bwinobwino, osasiya liwu ndi limodzi lomwe.

Pokwera lole yopita kumsasa, a Ebelesi anakana kuthandizidwa. Ali pamwamba anafuula kuti wina akatsekere nkhuku zawo, ndiponso kuti a Yosefe asiye kachasu. Kenako anakumbuka kuti sakuyenera kumudziwa munthu ameneyu motero, ndiye anawonjezera kuti, "Ndangomva kuti amamwa!"

Mbiri inafika ku Boma Enock asanafike. Anapeza Juliana ataima pakhomo, maso ali psuu.

"Bambo a Selina, ndamva zoona? Amama akukwezedwa lole, inu muli pompo mukumasulira?"

Apa ndiye anayenera kusankha, kukhala munthu wokana mayi ake omubereka, kapena kuulula kuti sanali mayi ake ndipo iye ndi wakutsidya. Anazemba zonse ziwiri. Anati nkhaniyo ndi ya malamulo, akaikonza.

Anapitadi ku Chipata kukaonana ndi loya. Anayamba ndi kunena kuti pali mnzake wina amene ali ndi vuto. Loyayo, munthu wonenepa wokonda kuseka, anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti mlandu wotere ndi wophweka. Gogo wokhala m'dziko zaka zonsezo sangakanidwe. Chofunika n'chakuti mwana wake mmodzi, mzika, abwere alumbire pamaso pa woweruza ndipo ayankhe mafunso.

"Mnzanuyo angabwere liti?"

"Ndikamuuza," anatero Enock.

Anabwerera ku Chadiza n'kuyamba kupempherera nkhaniyo. Anati apita mayeso a ana akatha. Mayeso atatha mvula inayamba, misewu inaipa. Mvula itatha ahedi anapuma ntchito ndipo mpando unali wake, sakanachoka nthawi yotero. Juliana ankamanga kamtolo ka shuga ndi sopo mwezi uliwonse kuti amuna ake apite nako kumsasa, kenako ankakamasula. Enock ankalalikira Lamlungu za Petro ndi tambala, anthu n'kumalira, osadziwa chifukwa chimene mlaliki akulirira kuposa iwo.

M'mwezi wa Juni, chisanu chitafika pachimake, munthu wina wogulitsa nsomba zouma anabwera ndi uthenga. A Ebelesi anamwalira kumsasa kuja ndi chifuwa. Anati mpaka masiku omaliza ankayendayenda m'matenti kukalipira ana a eni kuti asambe, ndipo akafunsidwa za kwawo ankati ali ndi mwana wamkulu pasukulu ku Boma, koma ndi wotanganidwa kwambiri.

Juliana analira mokweza, yekhayekha m'tauni yonse. Kwa Mlolo sikunamveke mfuu. Maliro a munthu wopanda mwana, wopanda mbale, alire ndani, ndipo alire ngati ndani wake? Kanyumba kaja kanangotsekedwa ndi kamtengo. Pachigayo anthu ankagayitsa mwakachetechete. Pamsika munthu ankatha kudutsa tsiku lonse popanda womuchititsa manyazi, ndipo zinali zosakoma ngati ndiwo zopanda mchere. Amuna ankamenya akazi awo popanda wobwera ndi mthiko. Ngakhale a Yosefe ankamwa kachasu wawo mosasangalala, poti panalibenso wowaletsa.

Paja mwambo wa kwathu umati maliro akatha, ana a malemu amameta mpala. Mpingo wa Enock umaletsa zimenezo, umati n'zachikunja, ndipo iye mwini anali atalalikirapo motsutsa. Koma Loweruka m'mawa anakwera njinga osauza munthu, n'kupalasa mpaka kwa Mlolo, kwa Wadson wometa anthu pansi pa mtengo kuseri kwa msika.

Anapeza mzere. Mwini chigayo anali atangonyamuka pampando, mutu uli mbee, akuvala chisoti msangamsanga. Tcheyamani wa chipani anali kudikira, maso ali pansi. Wamtali wa mapasa uja anali atameta kale, wamfupi anali kumapeto kwa mzere. Amayi odutsa ndi madengu anali atamanga maduku mothina kuposa masiku onse. Pansi pa mtengo tsitsi linali mulu, lakuda ndi la imvi losakanikirana, ndipo mphepo ya Juni inkawomba mitu yosavala popanda wodandaula.

Panalibe wopatsa mnzake moni wa maliro. Itafika nthawi ya Enock, anakhala pampando, Wadson anamufunditsa nsalu. Nayenso Wadson mutu wake unali wometa kumene, ndi mabala a lezala.

"Timete bwanji, ahedi?"

"Lonse."

"Nsabwe zavuta chaka chino," anatero Wadson mokweza, kuti odutsa amve.

"Zavutadi," anayankha Enock.

Lezala inali itabuntha ndi mitu ya anthu, inkakoka tsitsi mopweteka, koma Enock sanagwedezeke. Atafika cha kukhutu, Wadson anawerama ngati akuyang'ana bwino pometa, n'kunong'oneza.

"Achimwene, inu mumadziwa zambiri. Kodi kumeneko anawaika m'manda ndani?"

Enock anayang'ana mzere wa mitu yometa ija, amuna athanzi okwana kukumba manda khumi tsiku limodzi.

"Anthu achilendo," anatero.